Fumbi, ngongole ndi mkwiyo: mbiri ya anthu a m'buku la The Grapes of Wrath

Pa 14 Epulo 1935, tsiku Lamulungu, kudacha bwino kumadzulo kwa chigawo cha Oklahoma ku America. Mphepo idali itavutitsa kwa milungu ingapo, choncho tsikulo amayi adatsekula mawindo n'kuyanika zovala panja, mabanja ena n'kupita kutchalitchi. Dzuwa litapendeka, chakumpoto kudatulukira chimtambo chakuda bii, chokwawa pansi, mbalame zikuthawa patsogolo pake. M'chimtambomo mudalibe ndi dontho lomwe la mvula. Lidali dothi la m'minda lonyamulidwa ndi mphepo, ndipo litafika usana udasanduka usiku moti munthu sankatha kuona dzanja lake lomwe. Mtolankhani wa Associated Press, Robert Geiger, adali m'deralo, ndipo nkhani yomwe adalemba ndiyo idapatsa dera lonselo dzina loti Dust Bowl. Patatha zaka zinayi ndendende, pa 14 Epulo 1939, kampani ya Viking Press idatulutsa buku la John Steinbeck lotchedwa The Grapes of Wrath.

Anthu ambiri amaifupikitsa nkhaniyi ponena kuti fumbi lidathamangitsa alimi, alimiwo adapita ku California, Steinbeck n'kuwamvera chisoni. Kufupikitsa kotereku kumataya mnofu wa nkhani. Palibe angakwiyire mphepo m'mitu 30 ya buku. Mkwiyo uli m'bukumo ndi wa anthu omwe adazindikira kuti njala yawo idachita kukonzedwa ndi anthu anzawo, ndipo funso lomwe wolemba adalimbana nalo ndi lakuti munthu wolakwiridwa chotere achite nawo chiyani mkwiyo wakewo kuti usamudye iye mwini.

Misozi pa nthaka ya Oklahoma siidayambe m'ma 1930. Mu 1830 boma la America lidakhazikitsa lamulo losamutsa eni dziko a kum'mwera chakum'mawa, ndipo a Cherokee, a Choctaw, a Creek, a Chickasaw ndi a Seminole adawakusira kutsidya kwa mtsinje wa Mississippi. A Cherokee adasamutsidwa mu 1838 ndi 1839, anthu zikwi zingapo n'kufera m'njira ndi kuzizira, njala ndi matenda. Adawalonjeza kuti dziko latsopanolo palibe adzawalande. Koma pa 22 Epulo 1889 boma lidatsekulira azungu gawo la dzikolo, chikhamu n'kuthamanga pa akavalo ndi ngolo kukazika zikhomo, ndipo pofika 1907 Oklahoma idali chigawo cha America. M'buku la Steinbeck matenanti akamadandaula amati agogo awo adapeza malowo pothamangitsa eni dziko. Wolemba amangodutsa pa mawu amenewa osaimapo. Wowerenga ayenera kuimapo, chifukwa olandidwa a m'bukumo ndi adzukulu a olanda.

Kumadzulo, kuzigwa zopanda mitengo komwe mvula imagwa mwa apo ndi apo, nthaka idali yogwidwa ndi udzu waufupi wa mizu yolukanalukana, womwe njati zinkadya kuyambira kalekale. Mu 1909 boma lidayamba kupereka maekala 320 kwa wofuna kulima kumeneko. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse idakweza mtengo wa tirigu kufika madola awiri pa muyeso wa bushel, womwe ndi makilogalamu ngati 27, ndipo zaka zimenezo mvula inkagwa bwino. M'ma 1920 alimi adagula mathirakitala pangongole n'kugalauza udzu uja maekala mamiliyoni, ena akulima ndi usiku womwe. Chuma chitasokonekera mu 1929 mtengo udagwa, moti pofika 1931 tirigu ankangomuunjika panja kusowa wogula. Wangongole sangasiye kulima. Ena adawonjezera minda, ena adathawa n'kusiya nthaka ili pamtetete, ndipo chilala chitafika padalibe muzu woti n'kuigwira.

Mu Meyi 1934 fumbi lidafika mpaka ku Chicago, New York ndi Washington. Kwa okhala m'deralo udali moyo wa tsiku ndi tsiku. Amayi ankapachika nsalu zonyowa m'mawindo, mbale ankazivundikira patebulo mpaka nthawi yopakula, komabe mchenga unkamveka m'mano. Ng'ombe zikafa, pozitumbula ankapeza dothi m'mimba. Ana ndi okalamba ankatsokomola mpaka kutsirizika ndi nthenda yomwe anthu adaitcha chibayo cha fumbi. Mu Epulo 1935 boma lidakhazikitsa nthambi yoteteza nthaka motsogozedwa ndi Hugh Bennett, alimi n'kuyamba kuphunzitsidwa kulima mopingasa malo otsetsereka, ndipo pofika 1942 mitengo yotchinga mphepo yoposa 200 miliyoni idali itabzalidwa.

Komatu ambiri mwa anthu a kufumbiko sadapite ku California. Adakakamira pomwepo kapena kusamukira m'matauni apafupi. Katswiri wa mbiri yakale James Gregory adawerengera kuti mwa anthu oposa 300,000 omwe adalowa mu California m'zaka zimenezo kuchokera ku Oklahoma, Texas, Arkansas ndi Missouri, ochokera kufumbi kwenikweni sadafike 16,000. Banja la a Joad la m'bukumo ndi la kufupi ndi Sallisaw, kum'mawa kwa Oklahoma, dera la zitunda ndi mitengo, lolima thonje, lomwe lili kutalitali ndi komwe kudagwa mdima wa pa 14 Epulo uja. Apa Steinbeck adasokoneza malo, ndipo anthu a ku Oklahoma sadachedwe kumuuza. Koma pa chomwe chidachotsa anthu m'minda, adalasa.

Pofika 1935, minda 6 mwa 10 iliyonse ya ku Oklahoma inkalimidwa ndi matenanti. Wokhala ndi nyulu ndi pulawo yakeyake ankapereka kwa mwini munda limodzi mwa magawo atatu a chimanga ndi limodzi mwa magawo anayi a thonje. Wopanda kalikonse ankapereka theka, ndipo ufa ndi mbewu ankatenga pangongole. Aliyense amene adaonapo tenanti wa fodya ku Kasungu kapena ku Mchinji akutuluka pa esiteti chimanjamanja, atamudula za chimanga, feteleza ndi makasu, akudziwa kale m'mene masamu ake amayendera. Thonje lidatsika kuchoka pa masenti ngati 17 pa paundi mu 1929 kufika pa masenti 6 mu 1931. Mu 1933 boma la Franklin Roosevelt, pofuna kukweza mitengo, lidayamba kulipira alimi kuti achepetse minda. Thonje lomwe lidali litamera kale lidagalauzidwa, ndipo nkhumba pafupifupi 6 miliyoni zidaphedwa. Cheke chinkapita kwa mwini munda. Lamulo linkati agawireko matenanti ake, koma ambiri adaona kuti ukachotsa tenanti ndalama yonse ndi yako, ndipo ndalamayo ikwana kugula thirakitala yoti igwire ntchito ya mabanja angapo. Ndondomeko yobwera kudzapulumutsa ulimi ndiyo idamaliza mlimi wosauka.

Mutu wachisanu wa bukuli ndi umene udazigwira bwino zimenezi, ndipo kwa ine ndi mutu woopsa kuposa yonse. Nthumwi za eni minda zimafika pa galimoto, osatsika n'komwe, n'kuuza matenanti omwe anyonyomala pansi kuti achoke, ati si zofuna zawo koma za banki. Woyendetsa thirakitala yodzagumula nyumba ndi mwana wa pomwepo, mwana wa neba, yemwe akulandira madola atatu patsiku ndipo nayenso ali ndi ana ofuna kudya. Tenanti amamuopseza ndi mfuti. Mnyamatayo amamuuza kuti akamuwombera mawa kubwera wina, kuti iye adangotumidwa ndi munthu yemwe adatumidwa ndi banki, bankiyonso ikulamulidwa ndi ena a kum'mawa kutali. Tenantiyo amatsala ndi mfuti m'manja wopanda woti amuloze. Mkwiyo wosowa pogwera woterewu ndi umene ukuyenda m'buku lonse.

Msewu wa Route 66, wochoka ku Chicago kukafika ku Los Angeles, mtunda wa makilomita pafupifupi 3,900, ndi umene udanyamula anthuwa. A Joad amagulitsa akavalo, ngolo ndi zipangizo zonse pa madola 18, n'kukwera anthu 13 pa galimoto yakale ya Hudson yomwe aidula n'kuisandutsa lole, atanyamula nyama ya nkhumba yothira mchere ndi kapepala kolonjeza ganyu wokolola. Agogo aamuna, omwe adachita kuwamwetsa mankhwala ogonetsa kuti achoke pakhomo, amamwalira tsiku loyamba lomwelo. Ndalama zoikira maliro mwalamulo palibe, choncho amawaika usiku m'mbali mwa msewu, m'mandamo n'kuikamo botolo la kalata yonena kuti munthuyu sadachite kuphedwa. Agogo aakazi amamwalira pa lole podutsa chipululu cha Mojave, ndipo mayi Joad amagona pambali pa mtembo usiku wonse osauza munthu, kuopa kuti a pachipata angawaimitse banja lisanawoloke.

Komwe ankapitako sikudali kwa alimi ang'onoang'ono. Zigwa za San Joaquin ndi Salinas zidali m'manja mwa maesiteti akuluakulu, mabanki ndi makampani oika zipatso m'zitini, ndipo ulimi wake unkafuna aganyu ambirimbiri kwa milungu yochepa yokolola, kenaka osafunanso kuwaona. Ganyuyu adayamba ndi anthu a ku China, kenaka a ku Japan, a ku Philippines ndi a ku Mexico. Mu Okutobala 1933 othyola thonje zikwizikwi, ambiri mwa iwo a ku Mexico, adanyanyala ntchito pofuna dola imodzi pa mapaundi 100 m'malo mwa masenti 60. Pa 10 Okutobala eni minda adawombera anthu pa msonkhano ku Pixley n'kupha awiri, wina n'kuphedwa ku Arvin tsiku lomwelo. Sitalakayo idatha pa masenti 75, ndipo chaka chotsatira eni minda adalimbitsa bungwe lawo la Associated Farmers kuti zotere zisadzachitikenso. Zaka zomwezo akuluakulu a boma ankabweza ku Mexico anthu zikwi mazanamazana, ena mwa iwo nzika zobadwira mu America momwemo. Ma Okie, monga ankatchulira monyoza alendo ochokera ku Oklahoma ndi zigawo zoyandikana nayo, adafika pa nthawi yomwe eni minda ankafuna manja ena otsika mtengo.

Vuto la alendo atsopanowa lidali lakuti adabwera ndi akazi ndi ana, ndipo zokolola zikatha sankachoka. Ankamanga zisakasa za malata akutha, makatoni ndi masaka m'mbali mwa ngalande zothirira, madzi akumwa ali omwewo otayiramo zonyansa. Mu Febuluwale 1936 mkulu wa apolisi a ku Los Angeles, James Davis, adatumiza apolisi 136 kumalire a chigawo, kutali ndi mzinda wawo, kukabweza aliyense wooneka wosauka. Mwezi wotsatira wojambula zithunzi Dorothea Lange adaima pa msasa wa othyola nsawawa ku Nipomo, komwe mbewu idali itapsa ndi chisanu, n'kujambula mayi wa zaka 32 atagwira tsaya, ana awiri atabisa nkhope m'mapewa mwake, khanda lili pamiyendo. Chithunzicho chidazungulira dziko lonse ngati nkhope ya mzungu wosauka. Dzina la mayiyo lidadziwika mu 1978: Florence Owens Thompson, wa mtundu wa Cherokee, wobadwira m'dziko lija makolo ake adalonjezedwa.

Steinbeck adali mwana wa ku California komweko. Adabadwira ku Salinas mu 1902, ndipo ali mnyamata adagwirapo ntchito m'minda ya kampani ya shuga pamodzi ndi aganyu. Mu 1936 nyuzipepala ya San Francisco News idamutuma kukaona misasa ya alendowa, nkhani zake zisanu ndi ziwiri n'kutuluka mu Okutobala chaka chomwecho. Ulendo umenewo udamukumanitsa ndi Tom Collins, woyang'anira msasa wa boma wa ku Arvin m'boma la Kern, komwe kudali zimbudzi, mabafa ndi madzi abwino, ndipo okhalamo ankadzisankhira okha makomiti. Collins ankalemba malipoti a mlungu ndi mlungu, oikamo ndi kayankhulidwe komwe ka anthuwo, ndipo Steinbeck adatapamo zambiri. Mu Febuluwale ndi Malichi 1938 madzi adasefukira ku Visalia, mabanja zikwi zingapo n'kutsala m'matope opanda chakudya. Steinbeck ndi Collins adakhala usana ndi usiku akusamutsa anthu, ena ofooka moti sankatha kuimirira. Steinbeck adabwerera kwawo mtima uli phuluphulu ndi ukali.

Chomwe adachita nawo ukaliwo ndi chimene ndimaona kuti ndiye phata la mbiri yonseyi. Adakhala pansi n'kulemba buku lonyoza eni minda, amabanki ndi magulu awo omenya anthu, lotchedwa L'Affaire Lettuceberg, lochokera pa sitalaka ya ku Salinas ya mu 1936. Adalimaliza, osindikiza akulidikira, ndipo mu Meyi 1938 adaliwononga. Adalembera Elizabeth Otis, yemwe ankamugulitsira mabuku, ndi Pascal Covici, womusindikizira, kuti bukulo ndi loipa, kuti lidalembedwa kuti lidzutse chidani mwa kunena theka la choonadi. Pamafunika mtima wolimba kuti munthu ataye ntchito yomwe anzake akadamuombera nayo m'manja. Kumapeto kwa mwezi womwewo adayamba lina, akulemba pamanja m'chibuku chachikulu cha maakaunti ku Los Gatos, mkazi wake Carol akutaipa. Adamaliza kumapeto kwa Okutobala. Carol yemweyo ndiye adapeza mutu wa bukulo m'nyimbo ya Julia Ward Howe ya nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku America, nyimbo yomwe idatenga chithunzi cha mphesa ndi mkwiyo wa Mulungu pa Chivumbulutso 14.

Mkwiyo si mlendo m'mabuku akale. Iliad ya Agiriki yonse yatsamira pa mkwiyo wa Achilles, yemwe adapsa mtima Agamemnon atamulanda mkazi wogwidwa kunkhondo. Amanyanyala nkhondo, anzake n'kumafa, mpaka bwenzi lake Patroclus kuphedwa, ndipo mtima wake umatsika pokhapokha nkhalamba Priam itabwera usiku kudzapempha mtembo wa mwana wake Hector, adani awiriwo n'kulira ndi kudya limodzi. Umenewo ndi mkwiyo wa akuluakulu olimbirana ulemu. Wa Steinbeck uli pafupi ndi wa mneneri Amosi, wokalipira ogula osauka ndi ndalama ndi onyenga pa sikelo. Baibulo lili ponseponse m'bukumo. Ulendo wodutsa chipululu kupita ku dziko la zipatso ndi wa Eksodo, ndipo kumapeto khanda lobadwa lakufa amaliika m'bokosi la maapozi n'kuliyandamitsa pa madzi osefukira kuti likaonekere kutauni, monga Mose wopanda womutola.

Bukuli limaonetsa njira zingapo zomwe mkwiyo ungalowere, ndipo silizilemekeza mofanana. Muley Graves amakana kuchoka. Banja lake lapita, iye watsala yekha akugona m'maenje, akudya akalulu, akuzemba apolisi pa minda yomwe si yakenso. Ukali wake ndi woona, koma wamusandutsa mzukwa. Tom Joad timakumana naye akuchokera kundende ya McAlester, komwe wakhala zaka zinayi chifukwa chopha munthu ndi fosholo pa ndewu, ndipo sakudandaula. Jim Casy ndi mlaliki yemwe adasiya kulalika chifukwa akatha msonkhano ankagona ndi atsikana omwe wangowalalikira, ndipo chikumbumtima chidamukaniza kupitiriza. Ku California amalolera kumangidwa m'malo mwa Tom. Ali m'chitokosi amaona kuti tsiku lomwe adapatsidwa nyemba zosasa, mkaidi mmodzi atakuwa palibe chidachitika, koma onse atakuwa pamodzi chakudya chidasinthidwa. Amatuluka n'kutsogolera sitalaka pa esiteti ya mapichesi, pomwe a Joad, osadziwa, alowa ganyu wa masenti asanu pa bokosi m'malo mwa onyanyalawo. Usiku anyamata a eni munda amamuphwanya mutu ndi mpini wa piki, Tom n'kulanda mpiniwo n'kupha womuphayo.

Owerenga ambiri amakondwa pamenepa, ndipo ndimawamvetsa. Koma taonani zomwe zimatsatira. Kutacha sitalaka yatha, mtengo watsika kufika theka, Tom nkhope yatupa, banja likuthawa usiku litamubisa pakati pa matiresi, ndipo kenaka akukhala m'chiphanga cha m'thengo, mayi ake akumuzembetsera chakudya. Magazi achiwiriwo sadawonjezere ndi senti yomwe pa bokosi. Tom amayamba kukhala munthu wothandiza ali m'phangamo, ataganizira mawu a Casy n'kusankha kukapitiriza ntchito yosonkhanitsa anthu.

Amene mkwiyo wawo umabala zipatso kuyambira pachiyambi ndi mayi Joad. Nawonso amalusa. Amuna atagwirizana zoti banja ligawikane panjira, amatenga chitsulo cha jeke n'kuima nacho mpaka maganizowo atasintha, ndipo wapolisi wowanyoza m'tenti ku Needles amamunyamulira chiwaya. Koma mayi omwewa ndi amene adalamula kuti Casy akwere nawo lole yodzaza kale, ponena kuti kwawo sadakanizepo munthu chakudya kapena malo. Pa msasa wina akuphika nyama yosakwanira ndi banja lawo lomwe, ana a eni ake atazungulira mphika ali duu, maso pa chipande. Amapakulira banja lawo mochepa, n'kusiya mphikawo pansi kuti anawo akombe ndi timitengo, iwo n'kulowa m'tenti kuti asaone. Mayi wa mmodzi mwa anawo amabwera kudzawakalipira chifukwa chomuchititsa manyazi. Steinbeck adadziwa kuti chifundo cha wosauka kwa wosauka mnzake chimapwetekanso, ndipo sadabise. Pa golosale ya pa esiteti, komwe zinthu n'zodula kuposa kutauni, wogulitsa wonyozeka amatulutsa masenti khumi a m'thumba mwake kuti mayi Joad atenge shuga. M'mutu woyamba, komanso mvula itawononga zonse chakumapeto, akazi amayang'anitsitsa nkhope za amuna awo, ndipo mtima umakhala pansi akaona kuti mantha asanduka ukali, chifukwa munthu wokwiya sanathyoke.

Mutu wa 25 ndi pomwe wolemba amakweza mawu ake enieni. Zipatso zabereka zosaneneka, koma mtengo ndi wotsika, choncho malalanje amawaunjika n'kuwathira palafini, mbatatesi amazitaya mumtsinje alonda ataima m'mbali kuti anjala asavuule, nkhumba amazipha n'kuzikwirira ndi laimu, ana akufa ndi matenda a kusowa zakudya. Mawu a mutu wa bukulo amatulukira pamenepa. Komabe bukulo silithera pa moto kapena pa mfuti. Limathera m'shedi momwe otsala a banjalo athawira madzi, m'mene apezamo bambo wina ali pafupi kufa ndi njala chifukwa chakudya chake ankapatsa mwana wake. Rose of Sharon, mwana wamkazi wa a Joad yemwe ulendo wonse wakhala akudandaula za iye yekha, yemwe mwamuna adamuthawa ndipo khanda lake langofa kumene, amayang'anana ndi mayi ake n'kumuyamwitsa bamboyo. Covici adapempha kuti mathero amenewa asinthidwe, kuti mwina bamboyo akhale munthu yemwe owerenga akumudziwa kale. Steinbeck adakana, ati ayenera kukhala mlendo. Ndikugwirizana naye, chifukwa ulendo wonse wa mayi Joad wakhala wochoka pa kuteteza a pabanja pawo okha kufika pa kuthandiza aliyense wovutika.

Pali zomwe bukuli lidasiya, ndipo si zazing'ono. M'minda yomwe a Joad akugwiramo ganyu simuoneka aganyu a ku Mexico kapena a ku Philippines, omwe adayamba kunyanyala ntchito ndi kuphedwa ma Okie asanachuluke. Matenanti akuda a ku Arkansas, omwe mu 1934 adakhazikitsa bungwe limodzi ndi azungu anzawo ku Tyronza, mulibe. M'nkhani zake za mu 1936 Steinbeck adatsindika kuti alendo atsopanowa ndi Amereka enieni omwe sangalole kuzunzidwa ngati omwe adawatsogolera, ndipo mfundo imeneyi imandiwawa, chifukwa ikusonyeza kuti dziko lidadzidzimuka pokhapokha wovutikayo atakhala mzungu. Palinso Sanora Babb, mayi wobadwira ku Oklahoma yemwe adakulira kuzigwa zija ndipo ankagwira ntchito ndi Collins m'misasa. Nayenso adalemba buku la anthu omwewa, Whose Names Are Unknown, ndipo a Random House adali atalilandira, koma la Steinbeck litatchuka adalibweza. Lidatuluka mu 2004, mwini wake ali ndi zaka 97.

The Grapes of Wrath lidagulidwa makope oposa 400,000 m'chaka chake choyamba. A Associated Farmers adati ndi bodza la chikomyunizimu. Mu Ogasiti 1939 akuluakulu a boma la Kern adaliletsa m'masukulu ndi m'malaibulale, ku Bakersfield n'kuliwotcha pamaso pa ojambula zithunzi. Woyang'anira malaibulale a m'bomalo, Gretchen Knief, adalemba kalata yotsutsa chiletsocho ngakhale ntchito yake idali pachiswe, ndipo chidachotsedwa mu Januwale 1941. Phungu wa ku Oklahoma, Lyle Boren, adalinyoza m'nyumba ya malamulo, pomwe Eleanor Roosevelt, mkazi wa Franklin Roosevelt, ataona yekha misasa, adati wolembayo sadakokomeze. Mu 1940 bukulo lidalandira mphoto ya Pulitzer, John Ford adatulutsa filimu yake Henry Fonda ali Tom Joad, ndipo Woody Guthrie adaimba nkhani ya Tom m'chimbale chake cha nyimbo za kufumbi. Steinbeck adadzalandira mphoto ya Nobel mu 1962.

Lamulo la California loletsa kulowetsa munthu wosauka m'chigawocho lidagwa pa 24 Novembala 1941, bwalo lalikulu la milandu ku America litagamula mlandu wa Fred Edwards, yemwe adaweruzidwa chifukwa chokatenga mlamu wake wosowa ntchito ku Texas. Koma chomwe chidachotsa ma Okie m'mbali mwa ngalande ndi nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Mafakitale a ndege ndi a sitima zapamadzi adafuna anthu, ndipo adalowa kumeneko n'kuyamba kumanga nyumba zawozawo. Ana awo adakula ali anthu a ku California. Woimba Merle Haggard, yemwe makolo ake adachokera ku Checotah ku Oklahoma, adakulira m'bogi ya sitima yosandutsidwa nyumba ku Oildale pafupi ndi Bakersfield.

Minda idatsala momwe idalili. Lamulo la mu 1935 lopatsa ogwira ntchito ufulu wokhala ndi mabungwe lidasiya dala aganyu a m'minda, ndipo kuyambira 1942 mpaka 1964 boma linkabweretsa aganyu a kontirakiti kuchokera ku Mexico. Pa 8 Sepitembala 1965 othyola mphesa a ku Philippines, motsogozedwa ndi Larry Itliong, adanyanyala ntchito ku Delano, m'boma lomwe lija la Kern, ndipo patangotha masiku ochepa bungwe la Cesar Chavez ndi Dolores Huerta lidalowa nawo. Adapirira zaka zisanu, akupempha anthu m'mizinda kuti asiye kugula mphesa, mpaka eni minda adasaina mapangano mu Julayi 1970. California idadzapereka ufulu wa mabungwe kwa aganyu a m'minda mu 1975, patatha zaka 36 buku la Steinbeck litatuluka.